Kuweta Nyerere za Uchi

Nyerere za uchi, za mtundu wa Myrmecocystus, kwawo ndi kuzipululu za Mexico ndi kum'mwera chakumadzulo kwa United States, monga ku Arizona. Zina mwa izo zimamwetsedwa timadzi ta maluwa mpaka mimba kutupa ngati kampira koonekera mkati, kenako zimangolendewera kudenga la una. Chilala chikafika, zimabzikulira zinzawo chakudyacho.

Woweta amayamba ndi manthu mmodzi, wogwidwa mvula itangogwa, n'kumuika m'kabotolo kagalasi kokhala ndi madzi otsekedwa ndi thonje. Zikaswana, chachikulu ndi denga la malo ozisungira: likhale lalitali ndiponso lokhakhala, chifukwa nyerere yotupa mimba ikagwa imalephera kukwera yokha. Chakudya cha nyererezi ndi madzi a shuga ndi tizilombo takufa, ndipo madziwo akathiridwa utoto wa zakudya, mimba zija zimasanduka zofiira kapena zobiriwira.