Madamu Aafupi ndi Mitsinje Yowongoledwa: Mbiri ya Zotsatira Zake pa Nsomba

Damu lalifupi ndi khoma lomangidwa mopingasa mtsinje, lotalika mamita ochepa chabe, limene madzi amasefukira pamwamba pake m'malo mosungidwa monga zimakhalira pa madamu akuluakulu opangira magetsi. Ku Ulaya ndi ku North America makoma otere anamangidwa ochuluka kuti aziyendetsa zigayo, makina ochekera matabwa ndi mafakitale a nsalu, ndipo kwa zaka mazana ambiri anthu ankaona choipa chimodzi chokha pa makomawa, chomwe ndi kutseka njira. Panapita nthawi yaitali asanazindikire kuti khoma lotere, pamodzi ndi ntchito yowongola mtsinje, limasintha malo enieni amene nsomba zimakhalamo, kotero kuti mitundu ina imatha ndipo ina imalowa m'malo.

Madandaulo oyambirira anali okhudza njira. Chikalata cha Magna Carta cha mu 1215 chinalamula kuti mipanda yotchera nsomba ichotsedwe mumtsinje wa Thames, wa Medway ndi m'mitsinje ina ya ku England, makamaka pofuna kuti mabwato aziyenda momasuka. Pamene madamu a mafakitale anachuluka, chidwi chinapita pa nsomba zochokera kunyanja zimene zimakwera mitsinje kukaikira mazira pansangalabwi, monga salmon, yomwe khalidwe lake limafanana ndi la mpasa wa m'nyanja ya Malawi. Yankho la nthawiyo linali makwerero a nsomba, ndiko kuti kangalande kotsetsereka komangidwa pambali pa damu, kokhala ndi zotchinga zochepetsa liwiro la madzi. Mtundu umodzi wodziwika bwino unakonzedwa mu 1909 ndi katswiri wa ku Belgium dzina lake Denil, koma makwerero ambiri ankathandiza nsomba zamphamvu zokha, pamene zing'onozing'ono ndi zoyenda pansi pa mtsinje zinkalephera kukwera.

M'nyengo yomweyo kunafala ntchito yowongola mitsinje pofuna kuchepetsa kusefukira kwa madzi ndi kuumitsa madambo. Mu 1817 Johann Gottfried Tulla anayamba kudula makhotolo a mtsinje wa Rhine, ndipo pamene ntchitoyo inkatha mu 1876 gawo la pakati pa mizinda ya Basel ndi Worms linali litafupika ndi makilomita pafupifupi 80. Mtsinje wokhotakhota umakhala ndi maiwe akuya, malo osaya a madzi othamanga, mitengo yogwera m'madzi ndi madambo amene tiana ta nsomba timakuliramo nthawi ya madzi ambiri, ndipo malo alionse mwa amenewa amasunga mitundu yakeyake. Ukawongoledwa, zonsezi zimasanduka ngalande imodzi yofanana kuya ndi liwiro. Umboni wooneka bwino unachokera ku Florida, kumene pakati pa 1962 ndi 1971 mainjiniya a gulu lankhondo la United States anasandutsa mtsinje wa Kissimmee, wa makilomita pafupifupi 166, kukhala ngalande ya makilomita 90 yakuya mamita 9. Makhotolo otsalira anakhala ndi madzi osayenda osowa mpweya wa okosijeni, choncho nsomba ya largemouth bass inachepa, ndipo gar ndi bowfin, zimene zimatha kumeza mpweya pamwamba pa madzi, zinachuluka.

Kafukufuku wa madamu aafupi anasonyeza zofananazo. Kumtunda kwa khoma madzi amadekha, amatentha padzuwa, ndipo matope amakwirira nsangalabwi pamodzi ndi tizilombo tomwe nsomba za m'madzi othamanga zimadya, pamene kumunsi mtsinje umasowa mchenga ndi timiyala tatsopano. Komanso nsomba za mtundu umodzi zimagawika m'magulu osakumana, kotero kuti gawo lina likaphedwa ndi chilala kapena zonyansa, palibe zina zobwera kudzalidzazanso. Damu la Woolen Mills pamtsinje wa Milwaukee ku Wisconsin litachotsedwa mu 1988, carp yokonda matope inachepa ndipo smallmouth bass yokonda pamiyala inachuluka, chinthu chimene makwerero sakanachichita, chifukwa amatsegula njira popanda kubwezeretsa malo okhala.

Kuyambira pamenepo maganizo anatembenukira ku kugumula makoma amene ntchito yawo inatha. Mu 1997 bungwe la boma loyang'anira zamagetsi ku United States linakana kupatsanso chilolezo damu la Edwards, lomangidwa mu 1837 pamtsinje wa Kennebec ku Maine, ndipo litagumulidwa mu 1999 nsomba za alewife zinayamba kubwerera mpaka kufika mamiliyoni m'zaka zotsatira. Ku Kissimmee ntchito yokwirira makilomita pafupifupi 35 a ngalande ija inatha mu 2021. Komabe ntchito yotsala ndi yaikulu, pakuti kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti m'mitsinje ya ku Ulaya muli zotchinga zosachepera 1.2 miliyoni, ndipo zambiri mwa izo sizifika mamita 2. Bungwe la European Union linadziikira cholinga chomasula makilomita 25,000 a mitsinje pofika chaka cha 2030, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo lidzagwera pa makoma ang'onoang'ono omwewo amene kale sankawerengedwa n'komwe.