Chimene chimalira madzi akamathiridwa m'botolo

Ku Entumbane, dera la kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo m'dziko la Zimbabwe, kusowa kwa madzi m'mipopi ndi vuto lakalekale. M'chaka cha 2020 khonsolo ya mzindawu inkatseka madzi kwa maola 144 pa sabata, omwe ndi masiku asanu ndi limodzi, madzi atachepa kwambiri m'madamu monga Umzingwane ndi Upper Ncema. Pa nthawi zoterezi anthu amatunga madzi ngakhale usiku, ndipo wotunga wozolowera amadziwa kuti chigubu chatsala pang'ono kudzaza pongomvera kulira kwake.

Chimene amamvacho kwenikweni si madzi ayi, koma mpweya umene watsala m'chigubumo. Madzi akamagwera m'kati, amagwedeza mpweyawo, ndipo mpweya wotsekeredwa m'chiwiya umanjenjemera pa liwiro logwirizana ndi kukula kwa malo amene ulimo. Malo akakhala aakulu, liwu limatsika ngati la ng'oma yaikulu. Akamachepa, liwu limakwera. Mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Choncho m'chiwiya chowongoka chotseguka pamwamba, mpweya wotalika masentimita 30 umanjenjemera pafupifupi ka 285 pa sekondi, koma madzi akakwera n'kutsala masentimita 10 okha, umafika ka 850 n'kupitirira. Kusinthaku kumafulumira kwambiri chakumapeto, n'chifukwa chake liwu limakwera mwadzidzidzi madzi akayandikira pakhosi. Mmene mpweya umalirira m'chiwiya cha khosi lopapatiza ngati botolo zinafotokozedwa ndi Hermann von Helmholtz wa ku Germany m'buku lake la 1863.

Kukhuthula madzi kuli ndi phokoso lakelake. Botolo likazondotsedwa, madzi amatseka pakamwa ponse. Akatuluka pang'ono, mpweya wotsala m'kati umatambasuka n'kuchepa mphamvu, moti mpweya wa kunja umawakankha madziwo n'kulowa ngati thovu limodzi lalikulu. Likangolowa, madzi amayambanso kutuluka, ndipo zimabwerezabwereza chomwecho. Kudukizaduka kumeneku ndiko kumamveka kuti gubu-gubu.

Thovu nalonso limaimba. M'chaka cha 1933 katswiri wa sayansi Marcel Minnaert, amene ankagwira ntchito ku Utrecht m'dziko la Netherlands, anasonyeza kuti thovu likangobadwa m'madzi limafufuma ndi kunyala mofulumira, ndipo liwu lake limadalira kukula kwake. Thovu la mamilimita 2 m'mimba mwake limanjenjemera pafupifupi ka 3,300 pa sekondi, pamene la masentimita 2 limangofika ka 330. Ndiye chifukwa chake chigubu cha malita 20 chimalira mwa besi kusiyana ndi kabotolo ka pakamwa pang'ono. Madzi otentha nawo amalira mosiyana ndi ozizira popeza amakhala opepukirapo poyenda, ndipo anthu ambiri amatha kusiyanitsa ndi khutu lokha.

Kumene madzi ndi osowa, phokoso la gubu-gubu ndi chenjezo lakuti ena atayika, chifukwa amatuluka modumphadumpha n'kuphonya ndowa. Njira yopewera ndi yosavuta: kupendeketsa chigubu pang'onopang'ono, pakamwa pali chakumwamba, kuti mpweya upeze mpata wolowera pamwamba pa madzi. Zigubu zina zili ndi kachitsekero kachiwiri kaamba ka ntchito yomweyi.

Pali chinthu chimodzi chimene khutu silingathe kumva. Madzi oyera ndi madzi a tizilombo amalira chimodzimodzi. M'chaka chomwecho cha 2020, ku Luveve, dera lina la kumadzulo komweko, anthu oposa khumi anamwalira ndi matenda otsekula m'mimba atamwa madzi a m'mipopi amene anali ataipitsidwa pa nthawi yotseka ndi kutsekula madziyo.