Makina Ovomera Msanga: Mbiri ya Kudikira pa Kompyuta

Munthu akafika pakhomo pa mnzake ndi kunena kuti "Odi," sayembekeza kuti mpando ndi madzi akumwa zibwere nthawi yomweyo. Chimene amafuna ndi liwu limodzi lochokera m'nyumba, lakuti "Odini" kapena "Fikani." Liwulo likamveka, mlendo amaima panja mtima uli m'malo, ngakhale mwini nyumba akuvalabe malaya. Likapanda kumveka, mlendo amabwereza odi kachiwiri, kachitatu, kenaka amayamba kukayika ngati m'nyumbamo muli anthu. Nkhani ya lero ndi ya makina a kompyuta ndi mafoni, ndi momwe anthu owapanga anaphunzirira pang'onopang'ono mwambo umenewu wovomera mlendo. Ikhudzanso boma la Mchinji, kumene kuchedwa kwa makina kumaoneka ndi maso, pakuti kumasanduka mzere wa anthu ndi malole.

Poyamba omvera adziwe chimene chimavomeracho. M'kompyuta iliyonse, ngakhalenso m'foni yamakono, muli pulogalamu yaikulu imene pa Chingerezi amaitcha operating system. Maina ake odziwika ndi Windows, Linux ndi Android. Ntchito yake ikufanana ndi ya kapitawo wa pa esiteti ya fodya. Iye sathyola tsamba, koma ndiye amagawa ntchito, kunena kuti uyu ayambe, uyo adikire. Makina amakhala ndi ntchito zambiri nthawi imodzi, pamene mphamvu zake nzowerengeka. Munthu akadina batani, pempho lake limalowa pamzere pamodzi ndi ntchito zina zosaoneka. Kapitawo wanzeru amaimitsa zinazo kuti ayambe wayankha munthu. Wosaganiza bwino amamusiya ali chiimire mpaka zam'katizo zithe.

M'zaka za m'ma 1950 funso la kuvomera kunalibe. Kompyuta inali yaikulu yodzaza chipinda, ndipo wofuna thandizo lake ankaboola timabowo pa makadi, kupereka mtolo wa makadiwo kwa woyang'anira makina, ndi kubwerera kwawo. Yankho ankalitenga patapita maola, mwina m'mawa mwake. Ngati analakwitsa chilembo chimodzi, ankayambiranso. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1961, pamene Fernando Corbató ndi anzake a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America anaonetsa njira yoti anthu angapo agwiritse ntchito kompyuta imodzi nthawi imodzimodzi. Makinawo ankapatsa munthu aliyense kanthawi kochepa kwambiri mosinthanasinthana, mwaliwiro loti aliyense ankayesa kuti ali yekha. Kuyambira pamenepo munthu ndi makina anayamba kucheza, ndipo pamacheza kuchedwa kuyankha kumapweteka kuposa pakalata.

Tsono akatswiri anayamba kuyeza kuleza mtima kwa munthu. M'chaka cha 1968 Robert B. Miller analemba za nthawi imene munthu angadikire yankho la kompyuta maganizo ake osabalalika. M'chaka cha 1982 Walter Doherty ndi Arvind Thadani a kampani ya IBM anasonyeza kuti makina akamayankha sekondi imodzi isanathe, wantchito amamaliza zambiri kuposa momwe nthawi yopulumutsidwayo ingalozere, chifukwa saiwala chimene amafuna kuchita. Ndipo m'chaka cha 1993 Jakob Nielsen anasonkhanitsa zimene zinapezeka ndi kutchula malire atatu amene akuphunzitsidwabe. Yankho likabwera m'gawo limodzi la magawo 10 a sekondi, munthu amamva ngati chala chake ndicho chachita zonse. Likabwera m'sekondi imodzi, amaona kuchedwako koma maganizo ake sadukiza. Pakapita masekondi 10, mtima wake wachoka kale, wayamba kuyang'ana kwina.

Chodabwitsa china chinatulukira m'chaka cha 1985. Brad Myers, ali pa sukulu ya ukachenjede ya Toronto ku Canada, anapeza kuti anthu amakonda makina amene amawaonetsa kamzere kodzaza pang'onopang'ono kosonyeza pamene ntchito yafika, ngakhale kamzereko sikafulumizitsa kanthu. Apa ndi pamene pali "Odini" uja. Munthu amapirira kudikira ngati akudziwa kuti wamveka.

Koma akatswiri onsewa ankayeza munthu mmodzi, wokhala pampando wake mu ofesi, makina ali patsogolo pake. Kuno ku Malaŵi zinthu zinabwera mwa mtundu wina. Anthu ambiri anakumana ndi kompyuta koyamba asanaikhudze ndi dzanja. Anaiona kuseri kwa zenera la kuchipatala, la kubanki kapena la pachipata cha dziko, ili m'manja mwa kalaliki, iwo ali pamzere. Tiyerekeze kuti pabenchi pali odwala 200, ndipo makina akuchedwa theka la mphindi pa munthu aliyense. Kwa kalaliki kuchedwa kumeneko nkochepa. Koma wotsiriza pamzere wataya mphindi 100, ndipo ngati kwawo ndi ku Mkanda kapena ku Kapiri, atha kupeza galimoto yomaliza itapita.

Amene anamvetsa bwino za mzere umenewu ndi a bungwe la Baobab Health. M'chaka cha 2001 Gerry Douglas anayamba kuika makina olembera odwala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero chimatchedwa Kamuzu Central Hospital. Anagula motsika mtengo timakina totchedwa I-Opener, timene kampani ina ya ku America inali italeka kugulitsa, ndi kutikonza kuti munthu azingokhudza galasi ndi chala. Anachotsa zonse zosokoneza. Pagalasi pankaoneka funso limodzi lokha ndi mabatani akuluakulu. Munthu akayankha, funso lotsatira linkabwera. Makinawo ankadya magetsi ochepa ndipo ankayendera mabatire, kotero kuti magetsi akazima ntchito sinkaima. Wodwala ankamatiridwa kapepala ka timizere pa buku lake la kuchipatala, ndipo akabweranso, makina ankamuzindikira powerenga timizereto, popanda kulembanso dzina.

Nzeru imeneyi inafika pa nthawi yake. Boma linayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV m'chaka cha 2004, ndipo chiwerengero cha olandira chinakula msanga kuposa mabuku a pamanja. M'chaka cha 2006 makina a Baobab anayamba kugwiritsidwa ntchito pa chithandizo chimenechi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo m'zaka zotsatira anafalikira ku zipatala zina m'maboma. Kunena zoona, timakina timeneti tinali tofooka poyerekeza ndi makompyuta a m'maofesi a nthawiyo. Koma namwino amene sanaphunzirepo taipi ankatha kutigwiritsa ntchito wodwala ali patsogolo pake, ndipo chimenecho chinali chopambana liwiro lolembedwa pa bokosi.

Boma la Mchinji, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 600,000, linaona chiyeso chake chachikulu m'chaka cha 2017. Mwezi wa Meyi chaka chimenecho bungwe la National Registration Bureau linayamba kulemba nzika zonse za zaka 16 kupita m'tsogolo kuti zilandire ziphaso za unzika, ndipo Mchinji inali m'gulu la maboma oyambirira. Alembi anayenda ndi mabokosi pafupifupi 2,000 m'dziko lonse. M'bokosi lililonse munali kompyuta ya m'manja, kamera, kachipangizo kojambula zidindo za zala, ndi chotengera mphamvu ya dzuwa. Chofunika kuchiona ndi chakuti bokosilo silinkadalira intaneti polemba munthu. Linkasunga zonse m'kati mwake, ndipo zolembedwazo zinkasonkhanitsidwa pambuyo pake. Likanati lizifunsa ku Lilongwe pa munthu aliyense, anthu a m'midzi ya Mfumu Mlonyeni, Mavwere ndi Dambe akanagona pabwalo la sukulu. Chakacho chisanathe, anthu oposa 9 miliyoni anali atalembedwa.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza ponena kuti "netiweki yavuta." Pali kuchedwa kwa makina amene ali patebulo, ndipo pali kuchedwa kwa yankho lochokera ku makina ena akutali. Kwa woima pamzere zonsezi nchimodzimodzi, koma mankhwala ake ngosiyana. Chitsanzo chili pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, panjira yopita ku Chipata. Katundu wodutsa pamenepo amalembedwa m'pulogalamu ya ASYCUDA, imene bungwe la UNCTAD la United Nations linayamba kukonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo Malaŵi ndi Zambia onse amaigwiritsa ntchito. Kompyuta ya pachipata ikhoza kukhala yatsopano ndi yachangu, koma ngati njira yolankhulirana ndi makina aakulu a kulikulu yaduka, lole ya feteleza kapena ya mtedza imaima. Mwezi wa Disembala 2022, Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti wa Malaŵi pa nthawiyo, ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema wa Zambia anatsegula chipata chatsopano chimene woyenda amaima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Kumeneko kunali kudula mzere ndi njerwa ndi mgwirizano wa maiko, chinthu chimene kompyuta payokha sikanatha.

Kompyuta imene inafika m'manja mwa mlimi wa ku Kamwendo kapena wogulitsa pamsika wa Waliranji ndi foni. Ambiri anayamba ndi foni ya mabatani, ndipo foni imeneyo inali ndi ubwino umene anthu anauzindikira ataisiya: inkavomera nthawi yomweyo, chifukwa ntchito zake zinali zochepa. Mafoni a galasi a Android atabwera, anadza ndi zithunzi, makanema ndi WhatsApp, komanso anadza ndi kuuma. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Foni yotsika mtengo ili ndi malo ochepa osungira ntchito zimene ikugwira pa nthawiyo. Malowo akadzaza, kapitawo uja amayamba kutulutsa ntchito ina kuti alowetse ina, ngati munthu wopeta chimanga chambiri m'lichero laling'ono, ndipo chala cha mwini foni chimadikira.

Eni ake a Android, kampani ya Google, analidziwa vutoli. M'chaka cha 2012 anakonza Android 4.1 ndi cholinga choti galasi lizisintha chithunzi ka 60 pa sekondi, kuti chala chikayenda zinthu zizitsatira osadumphadumpha. M'chaka cha 2017 analengeza Android Go, yopepuka, yokonzera mafoni a mphamvu zochepa onga amene amagulitsidwa kwambiri m'maiko a mu Africa. Pali ngakhale lamulo m'kati mwa Android lakuti pulogalamu ikakhala masekondi 5 osayankha chala cha munthu, foni imufunse ngati akufuna kuitseka kapena kudikirabe. Komabe mpikisanowu ndi wovuta, pakuti mapulogalamu amanenepa chaka ndi chaka, pamene munthu wa kumudzi sagula foni chaka ndi chaka.

Pamene kuvomera kwa makina kumakhudza thumba ndi pa ndalama za pafoni. Airtel Money inayamba m'dziko muno m'chaka cha 2012, ndipo Mpamba ya TNM inatsatira mu 2013. Njira imene ambiri amatumizira ndalama ndi ya manambala ndi mawu okhaokha, yopanda chithunzi, imene imayenda ngakhale pa foni ya mabatani. Ikufanana ndi makina a Baobab aja: funso limodzi, yankho limodzi. Choopsa chili pa kanthawi kamene kamadutsa munthu atalemba nambala yachinsinsi, uthenga wotsimikiza usanafike. Ngati foni yakhala chete, sadziwa ngati ndalama zapita kapena ayi, ndipo mtima umamuuza kuti abwereze. Mlendo wobwereza odi sataya kanthu, koma wobwereza kutumiza atha kulipira kawiri fizi ya mwana. Nchifukwa chake maejenti odziwa ntchito, m'timakontena tawo ta m'mbali mwa msewu wa Lilongwe ndi Mchinji, sapereka ndalama kapena kulola kasitomala kuchoka uthenga usanalowe pa foni, ndipo amalembabe nambala ya malonda aliwonse m'kope ndi cholembera.