Mpingo wa Katolika ku Ireland: Mbiri Yake, Mayesero Ake ndi Phunziro kwa Ife a ku Chikwawa

Ireland ndi chilumba chomwe chili kuzambwe kwa Britain. Ngakhale kuli kutali ndi chigwa chathu cha Shire, Mpingo wa kumeneko ndi wathu uno ndi pachibale. Tikufotokoza mbiri yake mwachidule kuti akhristu ndi makatekisiti atolepo nzeru.

Chiyambi

Mthenga Wabwino udakhazikika ku Ireland m'zaka za m'ma 400 kudzera mwa Patrick Woyera, amene timamukumbukira pa 17 Malichi. Ali mnyamata adagwidwa ukapolo n'kupita naye pachilumbachi. Adathawa, koma pambuyo pake adabwererako ngati episkopi kukalalikira anthu omwe adamusunga ukapolowo. M'zaka za ulamuliro wa Angelezi, Akatolika adaponderezedwa ndi malamulo ankhanza, mwakuti nthawi zina Nsembe ya Misa inkachitikira pamiyala kutchire. Seminale yaikulu ya Maynooth idatsegulidwa mu 1795, ndipo idasula ansembe ochuluka amene adatumikira kwawo ndi kumaiko ena.

Ubale wathu ndi Ireland

Dayosizi yathu ya Chikwawa idakhazikitsidwa mu 1965, ndipo episkopi woyamba adali Ambuye Eugène Vroemen, a chipani cha Montfort. Komabe mphatso ya Ireland tili nayo m'maparishi mwathu. Bungwe la Legio ya Maria lidayambira mumzinda wa Dublin pa 7 Sepitembala 1921, ndipo adaliyambitsa ndi Frank Duff, mkhristu mwini wake, wogwira ntchito m'boma. Mtsikana wa ku Ireland, Edel Quinn, ngakhale ankadwala chifuwa chachikulu, adafalitsa bungweli kuvuma kwa Africa mpaka adafika kuno ku Nyasaland. Adamwalira ku Nairobi mu 1944.

Asisiteri a Medical Missionaries of Mary adafika ku Mzuzu mu 1962, ndipo ansembe a chipani cha Patrick Woyera cha ku Kiltegan adabwera m'dziko muno mu 1970. Mmodzi mwa iwo, Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, adasaina nawo kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Ambuye Felix Mkhori, episkopi wa Chikwawa panthawiyo, nawo adaisaina. Mu Epulo chaka chomwecho boma lidathamangitsa Monsinyo Roche m'dziko muno. Bungwe la Trócaire, limene maepiskopi a ku Ireland adalikhazikitsa mu 1973, lakhala likugwira ntchito zachitukuko m'Malawi mothandizana ndi CADECOM.

Kusintha kwa zinthu

Mu 1961, anthu pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse m'dziko la Ireland adali Akatolika. Papa John Paul II atapitako mu 1979, anthu oposa 1 miliyoni adasonkhana pa Misa ku Phoenix Park mu Dublin. Koma kalembera wa 2022 adapeza kuti odzitchula Akatolika adali 69 mwa 100 aliwonse, pamene 14 mwa 100 adati alibe chipembedzo. Pa mavoti a riferendamu, anthu adavomereza kutha kwa maukwati mu 1995, maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2015, ndi kuchotsa pakati mu 2018, zonsezi zosemphana ndi chiphunzitso cha Mpingo.

Zifukwa zake n'zingapo. Chuma chidakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1990 ndipo moyo wa mabanja udasintha. Kuphunzitsa ana katekisimu kudasiyidwa kwambiri m'manja mwa sukulu, ndipo ambiri atalandira Ulimbitso sankaonekanso kutchalitchi. Koma bala lalikulu lidachokera m'kati mwa Mpingo momwemo. Mu 2009 malipoti awiri, la Ryan ndi la Murphy, adaulula nkhanza zomwe ansembe ndi a m'zipani ena adachitira ana, komanso kuti atsogoleri ena adabisa milanduyo pofuna kuteteza dzina la Mpingo. Papa Benedict XVI adalembera Akatolika a ku Ireland kalata mu Malichi 2010, yopepesa ozunzidwa ndi kudzudzula maepiskopi amene adalephera udindo wawo. Papa Francis naye adapempha chikhululuko pa Misa ya ku Dublin mu Ogasiti 2018.

Utumiki ndi maphunziro a zaumulungu

Maitanidwe a unsembe atachepa, maseminale ambiri osula ansembe a madayosizi adatsekedwa imodzi ndi imodzi, koma ya Maynooth idatsala. Ansembe ambiri ndi okalamba, ndipo mmodzi amayang'anira maparishi angapo. Ena mwa omwe akutumikira kumeneko ndi ochokera ku Africa ndi ku India.

Vutoli lakumbutsa Mpingo chiphunzitso cha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, chakuti aliyense wobatizidwa ali ndi gawo pa ntchito ya Khristu. Mu 2012 Arkidayosizi ya Dublin idadzoza madikoni oyamba osapitirira ku unsembe. Akhristu eni ake, amuna ndi akazi, akuphunzira zaumulungu ku Maynooth ndi kwina, ndipo m'madayosizi ena akuphunzitsidwa kutsogolera mapemphero a maliro. Mu 2021 maepiskopi adayambitsa ulendo wa sinodi womvetsera maganizo a akhristu onse. Chaka chomwecho Papa Francis adakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki wovomerezeka mu Mpingo wonse.

Phunziro kwa ife

Zina zimene abale athu a ku Ireland akuziphunzira tsopano ife tidazizolowera kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a AMECEA adaika miphakati patsogolo. M'nthambi zakutali za ku Chikwawa ndi Nsanje, makamaka madzi akasefukira monga zidachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023, ndi makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati amene amasonkhanitsa akhristu pamene wansembe sangafike.

Komabe tisadzitame ndi kudzaza kwa matchalitchi athu, pakuti ku Ireland nakonso ankadzaza. Makolo aziphunzitsa ana kupemphera pakhomo, osasiyira katekisiti yekha. Achinyamata amene alandira Ulimbitso tiziwapatsa ntchito mumphakati. Nkhani ya nkhanza kwa mwana isathere m'kachipinda, kaya wolakwayo ndi ndani. Ifike kwa oyang'anira chitetezo cha ana mu Mpingo ndi kupolisi. Chuma cha parishi chizilengezedwa poyera. Tipemphererenso Mpingo wa ku Ireland, umene udatipatsa ana ake pamene ife tinkasowa antchito.