Kasankhidwe ka limu yoyenerana ndi tayala la galimoto

Tayala la galimoto likhoza kulowa pa limu ndi kupopedwa mpweya bwinobwino koma limuyo isali ya muyezo wake. Izi zimachitika kawirikawiri mwini galimoto akagula malimu onyezimira kapena matayala aakulu potengeka ndi maonekedwe, osayamba waona manambala amene opanga analembapo. Zotsatira zake ndi kutha msanga kwa tayala, kuvuta kwa galimoto pokhota, ndipo nthawi zina tayala limachoka pa limu galimoto ili pa liwiro.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri m'dziko la Malawi, momwe galimoto zambiri zimabwera zitagwirako kale ntchito ku Japan, ndipo matayala ndi malimu amagulidwa padera malinga ndi zomwe zapezeka pamsika.

Manambala a pa tayala

Tayala lililonse lili ndi manambala m'mbali mwake, mwachitsanzo 195/65 R15 91H. Nambala yoyamba, 195, ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 65, imasonyeza kuti khoma la m'mbali la tayalalo ndi lotalika magawo 65 pa 100 a mulifupimo, omwe ndi mamilimita pafupifupi 127. Chilembo cha R chimaimira mtundu wa tayala wotchedwa radial, womwe kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa ngati luso lake m'chaka cha 1946, ndipo lero ndi umene uli pa galimoto zing'onozing'ono pafupifupi zonse.

Nambala ya 15 ndi kukula kwa bwalo la limu m'mainchesi, poyeza kudutsa pakati. Nambala ya 91 ikutanthauza kuti tayalalo lingasenze makilogalamu 615, pomwe H akusonyeza kuti lisapitirire liwiro la makilomita 210 pa ola.

Chofunika kudziwa n'chakuti pa manambala onsewa palibe imene ikunena mulifupi mwa limu. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, poganiza kuti limu iliyonse ya mainchesi 15 ndi yoyenera tayala lililonse lolembedwa 15.

Manambala a pa limu

Nayo limu ili ndi manambala ake, omwe nthawi zambiri amadindidwa mkati mwake kapena kuseri kwa masipoko, monga 6Jx15 ET45. Nambala ya 6 ndi mulifupi mwa limu m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Chilembo cha J chimasonyeza kapangidwe ka mlomo wa limu, 15 ndi kukula kwa bwalo lake, pomwe ET45 ndi muyezo wa momwe limu imalowera mkati mwa galimoto.

Mulifupi mwa limu amayeza mkati, pakati pa milomo yake iwiri pomwe tayala limakhala. Munthu akayeza kunja ndi tepi amapeza kuti limu yaonjezera pafupifupi inchi yathunthu, kotero limu ya mainchesi 6 imaoneka ngati ya 7.

Malire amene anakhazikitsidwa

Kukula kwa bwalo la limu kuyenera kufanana ndendende ndi kwa tayala. Makampani opanga matayala amachenjeza kwambiri za kuika tayala la mainchesi 16 pa limu ya mainchesi 16.5, chifukwa limaoneka ngati lalowa koma likhoza kuphulika popopa ndi kuvulaza kapena kupha wopopayo.

Pa mulifupi ndiye pali mpata wosankha, koma mpatawo uli ndi malire. Malirewa amaikidwa ndi mabungwe oona za miyezo ya matayala ndi malimu, omwe ndi Tire and Rim Association la ku America lomwe linakhazikitsidwa mu 1903, ETRTO la ku Ulaya lomwe likulu lake lili ku Brussels, ndi JATMA la ku Japan. Pa saizi iliyonse ya tayala, mabungwewa amatchula limu yomwe tayalalo limayezedwerapo, komanso yaing'ono ndi yaikulu kwambiri yomwe ingaloledwe.

Mwachitsanzo, tayala la 175/70 R13 limayezedwera pa limu ya mainchesi 5 ndipo limaloledwa kuyambira pa 4.5 mpaka 6. La 195/65 R15 limu yake ndi ya mainchesi 6, koma limaloledwa kuyambira pa 5.5 mpaka 7. La 205/55 R16 limu yake ndi ya 6.5, malire ake ndi 5.5 mpaka 7.5, pomwe la 225/45 R17 limu yake ndi ya 7.5, malire ake ndi 7 mpaka 8.5. Tayala la 265/70 R16, lomwe limapezeka pa galimoto zikuluzikulu zoyenda m'misewu yafumbi, limayezedwera pa limu ya mainchesi 8 ndipo limaloledwa kuyambira pa 7 mpaka 9.

Mulifupi wolembedwa pa tayala umakhala woona pa limu yoyezera yokha. Limu ikaonjezera theka la inchi, tayala limatambalala ndi mamilimita pafupifupi 5, ndipo ikachepa ndi theka la inchi tayala nalo limachepa chimodzimodzi.

Limu ikachepa kapena ikakulitsa

Tayala lalikulu likaikidwa pa limu yopapatiza, milomo yake imapanikizidwa ndipo makoma ake amatukumukira kunja. Mbali yoponda pansi imakhala yobulungira, kotero tayala limadyeka pakati m'mbali musanathe. Pokhota, makoma otukumukawo amapindika kwambiri ndipo galimoto imachedwa kumvera chiwongolero. Kupindikapindika kotereku kumatenthetsanso tayala pa ulendo wautali.

Tayala laling'ono likakokedwa pa limu yotambalala, makoma ake amakungika ndipo salandira bwino kugunda kwa msewu. Mlomo wa limu umakhala pamtunda, moti galimoto ikagwera m'dzenje limu imapindika kapena kusweka. Popeza matayala ambiri a masiku ano alibe chubu, mpweya umasungika kaamba ka kugwirana kwa mlomo wa tayala ndi limu. Kugwiranaku kukafooka, mpweya ukhoza kutuluka wonse nthawi imodzi, zomwe n'zoopsa makamaka pa tayala la kutsogolo.

Ngakhale mkati mwa malire ovomerezeka muli kusiyana. Limu yocheperako imachititsa galimoto kuyenda mofewa ndipo tayala limaiteteza ku miyala ndi maenje, pomwe yokulirako imathandiza galimoto kumvera msanga chiwongolero pamsewu wosalala. Kwa woyenda m'misewu yokumbika, limu yoyezera kapena yoyandikana nayo ndiyo yothandiza.

Zina zoyenera kugwirizana

Mulifupi ukakhala woyenera, mpofunikanso kuona mabowo a mabauti. Nambala ngati 4x100 ikutanthauza mabowo 4 pa bwalo la mamilimita 100, ndipo miyezo ina yodziwika ndi 5x114.3 ndi 6x139.7. Limu ya 4x98 imaoneka ngati ikulowa pa galimoto ya 4x100, koma mabauti ake sakhala molunjika ndipo akhoza kumasuka kapena kuthyoka.

Nayo nambala ya ET siyenera kutalikirana ndi yomwe galimoto inabwera nayo. Ikachepa kwambiri gudumu limatulukira kunja ndi kukhula madigadi komanso kulemetsa ma bearing, ndipo ikakula gudumu limalowa mkati ndi kukhudza zitsulo za mabuleki kapena mashoko.

Wofuna limu ya bwalo lalikulu ayenera kusankha tayala la khoma lalifupi kuti gudumu lonse lisasinthe msinkhu. Gudumu la 195/65 R15 ndi lotalika mamilimita pafupifupi 635 ndipo la 205/55 R16 ndi lotalika pafupifupi 632, n'chifukwa chake awiriwa amalowana m'malo pa galimoto zambiri. Kusiyana kukakula, chipangizo chosonyeza liwiro chimayamba kunama.

Komwe muyezo woyenera umapezeka

Saizi ya matayala yomwe opanga galimoto anavomereza imalembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, kapena mkati mwa kachitseko kothirira mafuta, pamodzi ndi kuchuluka kwa mpweya woyenera. Buku la galimoto limatchulanso muyezo wa limu, ndipo makampani opanga matayala amasindikiza malire a limu a tayala lililonse.

Choncho asanalipire, wogula ayenera kupempha kuti limu itembenuzidwe kuti aone manambala ake, awafananize ndi a pa tayala, ndi kuonetsetsa kuti magudumu awiri a kutsogolo ndi ofanana, chimodzimodzinso a kumbuyo. Limu yomwe manambala ake anafufutika iyenera kuyezedwa mkati tayala lisanaikidwe.