Amapiano Sanagwe Kumwamba: Tiwadziwe Amene Anayamba Kuimba ndi Makina

 Ndabweranso ndi uthenga wautali, koma wa bandulo yochepa asadandaule, ndi malemba okhaokha, mulibe vidiyo.

Lero tikambe za nyimbo zoimbidwa ndi makina. Kuno ku Lilongwe ukayenda madzulo ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 kapena ku Mgona, chokulandira ndi kugunda kwa masipika: m'mabala, mometera tsitsi, m'maminibasi, pena paliponse. Mafana ambiri amaona ngati nyimbo za pakompyuta zinayamba ndi amapiano. Ayi ndithu. Njira imeneyi inalambulidwa kale, ndipo mmodzi mwa amene anaitengera kutali anakulira mumzinda uno, akuimba m'Chichewa chathu chomwechi.

Tiyambe ndi kunja. M'chaka cha 1974, gulu la Kraftwerk la ku Düsseldorf ku Germany linatulutsa chimbale cha Autobahn, momwe mawu ambiri ankachokera m'makina otchedwa synthesizer. Makinawa ali ngati kiyibodi, koma mawu ake amapangidwa ndi magetsi, mulibe nsambo ngati gitala kapena chikopa ngati ng'oma. Mu 1977 Donna Summer anaimba I Feel Love, ndipo Giorgio Moroder anaikonza ku Munich pafupifupi yonse ndi makina a Moog. Kenako ku Chicago, DJ Frankie Knuckles ankasakaniza nyimbo pa kalabu yotchedwa Warehouse, ndipo dzina loti house linachokera pamenepo. Ku Africa kuno nakonso anthu sanagone: ku Enugu ku Nigeria, William Onyeabor anali atayamba kale kujambula ndi ma synthesizer mu situdiyo yakeyake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Makina awiri a ku Japan ndi amene anafalitsa kwambiri zimenezi. Roland TR-808, makina oimba ng'oma, anatuluka mu 1980, ndipo kiyibodi ya Yamaha DX7 inatuluka mu 1983. Inu a kudoko dzina la Yamaha mumalidziwa pa injini za maboti. Mukadzakhala pafupi ndi injini, tayang'anitsitsani chizindikiro chake: ndi tizitsulo titatu topingasa tokhala ngati mafoloko. Timeneto ndi totchunira zoimbira, chifukwa kampaniyi inayamba ndi kupanga ma ogani mu 1887, ndipo mbali ya njinga zamoto ndi injini inadzaima payokha mu 1955. Nde injini ya boti ndi kiyibodi ndi pachibale, musaseke.

Kwathu kuno kulira kwa makinawa kunafika kwambiri kudzera ku Joni. Zaka za m'ma 1980 ku South Africa kunabuka nyimbo zotchedwa bubblegum: Brenda Fassie ndi Weekend Special mu 1983, Yvonne Chaka Chaka ndi Umqombothi imene anaikonza ndi Chicco Twala, komanso Dan Tshanda ndi gulu lake la Splash, Patricia Majalisa ndi Dalom Kids. Makaseti ankabwera m'zikwama za achimwene ochokera ku Joni pamodzi ndi mabulangete ndi mawailesi aakulu aja. Funsani amayi anu kapena amalume zimene ankavina pa ukwati nthawi imeneyo, akuuzani. Bubblegum itakumana ndi house ya ku America kunabadwa kwaito ya Arthur Mafokate, Mdu ndi Boom Shaka m'ma 1990, ndipo amapiano ndi mdzukulu wa banja lomwelo.

Amalawi sitinangokhala ovina za eni. Ku Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978 ndi thandizo la wansembe wa ku Italy, bambo Mario Pacifici, ndipo Paul Banda anadzatsegula situdiyo ya Imbirani Yahweh. M'ma 1990 kiyibodi ndi ng'oma za makina zinakhala msana wa reggae ya ku Balaka. Munthu mmodzi wodziwa kiyibodi ankatha kuika ng'oma, besi ndi malipenga payekha, choncho mwana wosauka amene sakanakwanitsa kulipira bandi yonse anayamba kutulutsa kaseti yake. Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, anatulutsa Son of a Poor Man mu 1994, ndipo m'njira yomweyo munadutsa Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo. Ena ankadandaula kuti nyimbozo zikumveka zofanana, ndipo nthawi zina ankanena zoona. Komabe ndi nyimbo zomwezo zimene zinalankhula za umphawi, ndale ndi imfa pamene dziko linkangotuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Tsopano nayu munthu amene ndalembera uthengawu. Esau Mwamwaya anabadwira ku Mzuzu koma anakulira ku Lilongwe, komwe ankaimba ng'oma mu Masaka Band. Mu 1999 anapita ku London, ndipo kumeneko ankagulitsa mipando ndi katundu wina wogwiritsidwapo kale ntchito mu kashopu ku Clapton. Tsiku lina Etienne Tron wa ku France anabwera kudzagula njinga yakale. Etienneyo ndi mnzake Johan Hugo wa ku Sweden ankapanga nyimbo za makina pa dzina la Radioclit. Atamva mawu a Esau, anthu atatuwa anayambitsa gulu la The Very Best.

Mu 2008 anatulutsa mixtape yaulere pa intaneti, Esau akuimba Chichewa pamwamba pa mabiti a oimba otchuka a kunja. Mmenemo muli Kamphopo ndi Tengazako. Mu 2009 kunabwera chimbale cha Warm Heart of Africa, momwe anaimba ndi M.I.A. komanso Ezra Koenig wa gulu la Vampire Weekend. Azungu a ku London ndi New York ankavina mawu amene sankawamva n'komwe. Chimbale cha MTMTMK cha 2012 anachijambulira ku Lilongwe konkuno, ndipo Makes a King cha 2015 anakachijambulira m'mudzi wa M'dala Chikowa, kufupi ndi nyanja yathu. Mu 2016 anaimba nawo pa chimbale chaching'ono cha Johannesburg pamodzi ndi Mumford & Sons ndi Baaba Maal wa ku Senegal. Koma tayesani kufunsa mafana khumi pa siteji ya Biwi kuti Esau Mwamwaya ndi ndani. Mwina mmodzi yekha angayankhe, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Nyanja nayo ili ndi gawo lake. Lake of Stars inayambira ku Chintheche mu 2004. Woiyambitsa, Will Jameson, anali atakhalapo ku Malawi, ndipo atabwerera kwawo anatcha madansi amene ankakonza ku Liverpool dzina loti Chibuku Shake Shake. Mu 2016 ntchito ya Beating Heart inapereka kwa ma DJ nyimbo za makolo athu zimene Hugh Tracey anajambula m'ma 1950, iwo n'kuziveka mabiti atsopano. Ndipo mu 2019 Johan Hugo yemwe uja anakonza chimbale cha Lazarus Chigwandali, amene ankaimba banjo yopanga yekha m'misewu ya Lilongwe.

Akuluakulu ena amati nyimbo za makina si nyimbo, ndi ulesi. Ine monga mwana wa msodzi ndimawayankha ndi za kunyanja. Injini itafika, alovi anapuma kupalasa ndi nkhafi ndipo boti linayamba kufika kutali. Koma injini sidziwa pamene usipa wasonkhana. Pa kauni, amene amawerenga madzi, mwezi ndi mphepo ndi siginala ali m'bwato ndi nyali zake, ndipo akalakwitsa, chilimira chimatuluka chopanda kanthu ngakhale injini ikhale yatsopano. Kompyuta ndi chimodzimodzi. FL Studio ili pa laputopu ya mfana wa ku Mgona ndi yomweyo imene ili ku Soweto ndi ku Lagos. Chosiyanitsa ndi khutu lake ndi zimene wabwera nazo kuchokera kwawo. Esau kunja anamumvera chifukwa anabweretsa chimene iwo analibe.

Nde inu amene mukupanga mabiti m'kachipinda, magetsi akayaka usiku n'kudzuka kukamaliza nyimbo, mverani. Kukopera log drum ya ku Joni ndi poyambira chabe, paja eni ake alipo kale ambirimbiri. Ikanimo ng'oma za beni, malipenga, manganje ndi chioda. Imbani Chichewa, Chiyao, Chitonga osachita manyazi. Nyimbo ikatha kalembetseni ku COSOMA kuti thukuta lanu lisadyedwe ndi ena. Ndipo ife omvera, tikamatumizirana nyimbo tizitchula woimba ndi amene anakonza biti, chifukwa kuiwalika kumayambira pa fayilo yopanda dzina.

Amene ali ndi bandulo usiku uno asake Kamphopo, amvere, kenako andiuze maganizo ake. Tumizani uthengawu ku magulu ena a kunyanja. Opita pamadzi, mwera ukayamba musalimbane nawo, bwererani kudoko.