Ankhondo a pa Gome ndi Ankhondo a m'Mapiri Athu

Ife amene tinakulira kubusa m'madambo a ku Dowa tikumbukira ng'ombe zadongo. Tinali kuziumba ndi nyanga zakuthwa ndi linunda lalikuru, kuziumika padzuwa, ndi kuzigundanitsa kufikira ina itathyoka nyanga. Koma kapena simunamve, abale, kuti ku England kuli amuna a ndebvu, ena a imvi zomwe, amene acita masewera onga omwewo. Iwo agula tiankhondo ta mtobvu kapena ta pulasitiki, tosaposa mfundo ziwiri za cala, natipaka utoto, natindandalika pagome, natimenyanitsa monga mwa malamulo a m'buku. Mlembi wina, H. G. Wells, anatulutsa buku la malamulo otere m'caka ca 1913.

Mwa nkhondo zimene azikonda muli ya paciweniweni ija ya m'dziko lao, imene inayamba m'caka ca 1455, pamene banja la York ndi banja la Lancaster analimbirana ufumu. Onsewo anali zidzukulu za mfumu imodzi, Edward wacitatu. Opakawo akondetsa apakavalo, pakuti aoneka bwino. Koma kunena zoona, akuru a nthawi ija kawirikawiri anali kutsika pa akavalo ao namenya nkhondo ali ciriri. Amene achuka ndi kavalo ndiye mfumu Richard wacitatu, amene anathamangira mdani wace Henry Tudor pa Bosworth m'caka ca 1485, nafera pomwepo.

Nchito ya kupakayo njofuna mtima wofatsa. Ayamba ndi utoto wakuda, napaka wonga siliva pa malaya acitsulo ndi cisoti, natsiriza ndi mbendera. Apa ndipo asamala koposa. Anthu a Warwick abvala zofiira, a Tudor zoyera ndi zobiriwira, a Richard anyamula cizindikiro ca nguluwe yoyera. Wina angati, Nanga kulakwitsa kadontho ka utoto kuli ndi kanthu kodi? Tamverani zimene zinacitika pa Barnet.

Panali pa 14 April 1471, m'mawa wa tsiku la Kuuka kwa Ambuye, ndipo nkhungu inaphimba dziko. Mfumu Edward wacinai anakomana ndi Warwick, mbale wace yemwe anamthandiza kale kulowa ufumu. Gulu la mkuru wa ku Oxford, la mbali ya Warwick, linapitikitsa adani kutali, ndipo pobwerera linaturukira pa anzao a mbali yao yomwe. Tsono cizindikiro ca Oxford cinali nyenyezi ya malawi, ca Edward cinali dzuwa. M'nkhungumo anzaowo anayesa nyenyezi dzuwa, naponya mibvi. Pomwepo anthu anapfuula kuti aperekedwa, nabalalika. Warwick ndi mng'ono wace Montagu anaphedwa tsiku lomwelo. Pakuti adani onse anali a cinenero cimodzi ndi zida zimodzi, ndipo cowalekanitsa cinali kansaru kokha.

Tsono tibwere kwathu, pakuti mapiri athu anaona zotere. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Patapita zaka, Ciwere Ndhlovu anapatukana ndi anzace a kumpoto nadzakhala m'mapiri a Dowa. Akavalo analibe, ankhondo ace anayenda pansi ndi zishango za cikopa ca ng'ombe, nthungo, zibonga ndi nthenga kumutu. Acewa anamanga malinga, ena nathawira m'nkhalango ya phiri la Nchisi, kumene adani sanakhoza kuwalondola msanga. Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga pa Mvera m'caka ca 1889, anakhala m'dziko la Ciwere ndi cilolezo cace.

Tiyerekeze kuti mnyamata wa pa Mvera kapena pa Kongwe afuna kuumba nkhondo imeneyi ndi dongo. Adzayesa nchito yapafupi: Angoni uku, Acewa uko. Koma Ciwere mwini wace anali wa magazi a Ansenga. Ndipo mwambo wa Angoni unali wakuti ana ogwidwa kunkhondo anawalera m'midzi yao, nawaboola makutu, nawapatsa cishango atakula. Cotero wankhondo wokwera phiri ndi nthungo m'dzanja kawirikawiri anali mwana wa Acewa, ndipo wobisala m'thanthwe pamwamba pace akanakhoza kukhala mtsibweni wace. Tiganiza kuti ambiri a ife, tikafunsa bwino kwa agogo, tidzapeza makolo athu ku mbali zonse ziwiri za linga. Lero zidzukulu za ankhondo a Ciwere zilankhula Cicewa, ndipo cishango cituruka pa gule wa ngoma pokha.

Mnyamata wathu uja adzatenga dongo lonse pa dambo limodzi. Cishango adzacidula ku kacidutswa ka cikopa, nthenga adzatola kukhola la nkhuku, ndipo makutu adzawaboola ndi munga wa mthethe.